Bwana Wopereka Tiyi

Pamzere wodikira basi, mayi wina ankasuzumira pafoni ya bambo amene anali kutsogolo kwake. Bamboyo ankaona nthano ya zithunzi ya apolisi ogwira anthu amatsenga.

"Bwana uyo, amene akumupatsa tiyi wapolisi wamkazi watsopanoyo, ndiye akuba zithumwa m'chipinda cha umboni," anatero mayiyo.

"Wakuuzani ndani, mayi?"

"Palibe. Nthano zoterezi ndimaziwerenga kwambiri pa intaneti. Bwana akakoma mtima patsamba loyamba, dziwani kuti pomaliza avala unyolo."

"Musandinamize. Nthanoyi ndimajambula ndine, ndipo tsamba lomuulula bwanayo sindinalitulutse. Analiona ndi akazi anga okha. Mumadziwana nawo eti?"

"Sindiwadziwa n'komwe."

"Kapena mumalukitsa tsitsi kumodzi?"

"Bambo inu, mtsikanayonso makolo ake anaphedwa ndi matsenga, ndipo mwiniwakeyo ali ndi mphamvu zimene akubisira anzake. Ndanama?"

"Zimenezo ngakhale akazi anga sindinawauze. Kodi ndinu ndani?"

"Ndine wowerenga chabe, wotopa. Mukafika kunyumba musakawakalipire mayiwo, alibe mlandu. Wakuululani ndi tiyiyo."