Siginecha ya Injiniya pa Mkono wa Bulawuzi

Abusa, Amayi Busa, akulu a mpingo, amayi a Mvano, abale ndi alongo nonse, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye wathu. Aleluya!

Ndikufuna kuchitira umboni. Koma poti muno muli ena amene amati Mwale akanena kuti waona ng'ombe muzidziwa kuti inali mbuzi, ndiyambe ndatchula mboni zanga. Yoyamba ndi mayi a kunyumba, awo akuyang'ana pansiwo. Yachiwiri ndi Mdala Ncube, mlonda wa kuntchito kwathu ku Belmont, kumafakitale kuja, m'dziko la eni lino. Sapemphera nafe, koma lero ndawakoka, awo ali pakhomowo. Yachitatu ndi Amayi Busa eni ake. Ndikanama pena paliponse, atatuwa aimirire. A Ncube aimirira kale chifukwa mabenchi adzaza, amenewo musawawerengere.

Abale, ine ndine kapitawo wa omanga. Injiniya amajambula pulani, ine ndimaonetsetsa kuti zitsulo za m'kati mwa konkire zagona monga wajambulira. Pa ntchito yathuyi chinthu chikagwa, safunsa kuti anakandya simenti ndani. Amafunsa kuti anasaina ndani. Koma pakasowa wosaina, mlandu umatsetsereka. Umachoka kwa injiniya, kupita kwa bwana wa kampani, kutsika, kutsika, mpaka upeze munthu wakuda wovala ovolosi. Pamenepo umakhala pansi, wafika kwawo.

N'chifukwa chake ine ndili ndi khalidwe limodzi. Mzungu akasintha kanthu pa pulani ndi pakamwa, ndimamuuza kuti, "Bhala phansi, baas." Ndiye kuti lembani, bwana. Ndanena mawu amenewa kambirimbiri mpaka ku Belmont konse dzina langa ndi Bhalaphansi. Wina anandifunira Khirisimasi yabwino, ndinamuuza kuti alembe. Zoona zimenezi.

Tsono tinkamanga nyumba yosanjikiza yosungiramo mabulangete. Mukudziwa mmene zinthu zilili chitsekereni maiko akunja zipata zawo: suitanitsa chomwe ukufuna, umalandira chomwe chapezeka. Pulani inati silabu ya pamwamba, ija imakhala denga kwa apansi ndi pansi kwa apamwamba, ikhale ndi zitsulo zonenepa ngati chala changa chachikuluchi. Lole inatsitsa zoonda ngati kachala aka. Zoonda, abale! Mnzanga wina anathyolako kachidutswa n'kutokosera m'mano. Ndinaona ndi maso angawa.

Ndinaimitsa ntchito, ndinati injiniya abwere. Injiniya wathuyo, monga azungu onse masiku ano, milungu ina ali mu ofesi, milungu ina amutenga kunkhondo. Anabwera atavala kale za usilikali, mfuti ili pampando, injini ya galimoto osazimitsa. Anayang'ana zitsulo, anayang'ana kumwamba, milomo ikugwedera, kuwerengera m'mutu. Kenako anati, "Ikani zomwezi, koma muzithinanitse," n'kutchula mainchesi ake.

Ndinati, "Bhala phansi, baas."

Anati, "Mwale, lole ya asilikali ikundidikira!"

Ndinati, "Nayonso silabu ikudikira, baas."

Pepala panalibe. Ndinang'amba thumba la simenti, ndinalikung'untha, n'kuliyala pa boneti. Anatukwana mawu amene sangalowe m'nyumba ino, koma analemba: kukula kwa zitsulo, mainchesi, tsiku, siginecha pansi pake. Ine ndinalipinda bwinobwino, ndinapita nalo kunyumba, ndinaliika pansi pa matiresi pamodzi ndi mapepala ena a simenti amene ndimatola. Ndipo apa ndiulule tchimo langa. Ine wouza azungu kuti alembe, mkazi wanga sindinamuuze kanthu. Ngakhale liwu limodzi.

Nyumba inatha, mabulangete analowa, miyezi inapita. Tsiku lina Lamlungu masana, a Ncube akumwa tiyi pansi pa silabu ija, anamva kuti the! the! Kuyang'ana kumwamba, silabu yatsika mimba ngati ng'ombe ya bere. Abale, mdala ameneyu anathamanga. Anafika ku lokeshoni ya Mpopoma tiyi akadali wotentha m'kapu, osatayika ngakhale dontho. A Ncube, ndanama? Mwaona, angoseka. Kumbuyo kwawo silabu inakhala pansi ndi mabulangete ake onse. Sipanafe munthu. Nenani Amen pamenepo, chifukwa likanakhala Lolemba bwenzi tikunena zina!

Ndiye mlandu unayamba ulendo wake uja. Mwini mabulangete analoza kampani yathu. Kampani inaloza injiniya. Injiniya ali ndi a inshuwalansi, anthu amene amawalipira chaka ndi chaka kuti akadzalakwitsa adzamulipirire, ndipo iwowo anamuuza kuti atseke pakamwa, asavomere kanthu. Ofufuza anatsegula pulani ya mu ofesi: zitsulo zonenepa. Anaswa konkire: zitsulo zoonda. Mapepala a lole ija anasowa mwadzidzidzi. Bwana wa kampani anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mnyasa uyu anagulitsa zitsulo zathu, n'kuikamo mawaya."

Anandiimitsa ntchito. Malipiro anga anawagwira. Anati pakatha sabata tikaonekere kwa maloya m'tauni, ndipo zikandivuta kumeneko, apolisi.

Apa sindiseka, abale. Inu mukudziwa chitupa cha munthu wobwera chimene chimanena. Ntchito ikatha, nyumba ya khansolo yatha. Ndende ikatha, akukweza sitima yobwerera kwanu. Ine kwathu ndinachokako ndilibe ndevu. Ana anga anabadwira konkuno, ukawaitana m'Chichewa amayankha kuti "yebo, baba." Ndikanakawatula kwa yani? Ndikanakawauza kuti kwanu ndi kuno, kumene sakudziwako ngakhale mtengo umodzi? Ndipo dzina la wakuba, ine, mkulu wa mpingo uno!

Koma ndinati ayi, ndili ndi pepala. Ndinapalasa njinga mpaka matcheni anatuluka utsi. Kufika kunyumba, kutukula matiresi: mbee! Palibe.

Ndinati, "Mayi a Esinati, mapepala anali apa ali kuti?"

Iwo, mtima uli m'malo, anati, "A simenti aja? Ndinawasita. Ndinadulira patani ya bulawuzi ya Mvano."

Ndinati, "Mwadula chiyani?"

Anati, "Patani. Inutu simunanene kuti mukusunga chuma. Mumangounjika zinyalala pansi pa matiresi ngati khoswe."

Ndinati chabwino, patani ili kuti? Anati yabwerekedwa. Inu amayi a Mvano, Mulungu akukhululukireni, simubwereka patani yonse. Wina atenga msana, wina kutsogolo, wina kolala, kuti musoke msanga Pasaka asanafike. Masiku atatu ndinazungulira malokeshoni panjinga. Msana ndinaupeza ku Njube: wopanda chilembo. Kutsogolo ndinakupeza ku Luveve: kunangolembedwa dzina la simenti. Mayi wina, ali muno koma sindimutchula, anandifunsa kuti, "A Mwale, kodi ntchito itatha mwayamba utelala? Mundisokereko ya mwana wanga." Kolala anali atayatsira mbaula. Ndinaima pa mbaula imeneyo ngati ndili pamanda.

Unatsala mkono. Aliyense ankati uli kwa uje, uje n'kuti uli kwa uje.

Tsiku lachinayi ndinasiya njinga. Ndinagwada m'chipinda dzuwa lili pamutu, ndinati, "Ambuye, ine ndatha. Ndakhulupirira pepala zaka zonsezi, lero pepala landithawa. Mukafuna ndikwere sitima, ndikwera. Koma ana awa, Ambuye, ana awa." Ndinadzuka, ndinati ndipite kwa Abusa ndikatsanzike, andilemberetu kalata yosamukira mpingo.

Kufika, Abusa kulibe. Amayi Busa ali pamphasa pakhonde, nsalu yoyera ili poyalidwa, mapini ali kukamwa. Pamwamba pa nsaluyo pali pepala la khaki lodulidwa ngati mkono. Ndikuti ndiwerame ndipereke moni, maso anga anagwa pa pepalalo. Manambala! Mainchesi! Tsiku! Ndipo cha kukhwapa, siginecha ya injiniya, yonse yathunthu! Sizasi ya mkazi wanga inadutsa pambali pake mpata wa chikhadabo chimodzi. Chikhadabo chimodzi, abale! Ndani anagwira dzanja limenelo? Ndikufunsani, ndani anagwira dzanja limenelo?

Ndinakuwa. Amayi Busa anatsala pang'ono kumeza mapini. Anati, "A Mwale, mwagwidwa ndi chiyani?" Ndinati, "Amayi, chotsani mapini, mkono uwu ukupita kwa maloya!" Anati, "Ndadula wakumanja wokha. Wakumanzere ndidulira chiyani? Kumene ukupita mkonowu, inenso ndikupita."

Ndipo anapitadi. Tinakwera masitepe m'tauni, tinalowa m'chipinda cha tebulo lalitali kuchokera pano mpaka pamene aima a Ncube. Maloya, bwana wa kampani, mwini mabulangete, wa inshuwalansi, ndi injiniya atangobwera kumene kutchire, nkhope itapsa ndi dzuwa. Analankhula Chingerezi chawo chachitali. Kenako loya wamkulu anati, "Kapitawo, uli ndi chonena?"

Ndinatulutsa pepala langa, ndinaliyala patebulo, ndinalisalaza.

Anati, "Ichi n'chiyani?"

Ndinati, "Mkono, bwana."

"Mkono wa yani?"

Ndinati, "Thumba ndi la kampani. Patani ndi ya mayi a kunyumba. Mabowo a mapini ndi a Amayi Busa awa. Koma zolembazo ndi za bwana uyo."

Injiniya anakoka pepala lija, analiyang'ana nthawi yaitali. Wa inshuwalansi anamuponda phazi pansi pa tebulo, ndinamva nsapato ikulira. Koma iye anati, "Mina bhalile." Ndiye kuti, ndinalemba ndine. Anati, "Ndinawerengera m'mutu, ndili pa changu, ndipo ndinalakwitsa. Ndinayenera kubwerera ku ofesi n'kukakhala pansi. Kapitawo anachita zimene ndinamuuza." Za yunifolomu yake sindikamba muno, mukudziwa nthawi imene tilimo. Koma tsiku limenelo Mulungu anatsegula pakamwa pamene maloya anatseka.

Mlandu unanyamuka pamutu panga, unakwera masitepe omwe unatsikira aja, n'kukakhala kwa a inshuwalansi. Mkono uja anaudinda chidindo, anautsekera m'faelo. Amayi Busa anati, "Nanga wakumanzere?" Loya anati umenewo tsopano ndi umboni, sutuluka. Amayi Busa anadula wakumanzere mongokumbukira. Sindikunena kanthu, koma tikamatuluka muyang'ane nokha kuti wautali ndi uti.

Ndalama zanga zokha zinachedwa, poti kampani inkadikira kuti a inshuwalansi alipire kaye. A inshuwalansi polandira amathamanga ngati a Ncube, polipira amayenda ngati akudwala nyamakazi. Miyezi itatu tinadya za m'manja mwanu, abale. Wina ufa, wina makala, wina sopo. Sindinalembe, koma Kumwamba kunalembedwa.

Lachisanu lapitali bwana wa kampani anandiitanitsa. Sanandiyang'ane kumaso. Anakankha envulopu patebulo, yonenepa moti inakana kulowa m'thumba la jekete, ndinachita kuikumbatira ngati khanda. Malipiro anga onse, osachotsapo ngakhale senti. Kenako anati, "Lolemba ubwere, ntchito yako ilipo."

Ndinaima. Ndinachotsa chipewa mwaulemu. Ndinati, "Bhala phansi, baas."

Analemba, abale! Analemba, ndipo ulendo uno pepalalo ndapereka m'manja mwa mayi a Esinati, ndawauza chomwe lili, ndipo sizasi ndabisa!

Sitima yapita popanda ine. Nyumba ilipo, dzina langa layera, ana anga agona pa mphasa zawo. Zikomo Ambuye, zikomo Yesu! Tsono amayi a Mvano, mabulawuzi mwavalawo anadulidwa pa umboni wanga. Imirirani nonse, kwezani mikono imeneyo m'mwamba, wautali ndi waufupi womwe, lululutani! A Ncube, ikani chipewa pansi muombe m'manja. Mpingo wonse, kondwerani nane! Aleluya!