Kamwana ka Udzu

Pamsika wa ng'ombe ku Debre Markos, m'dziko la Ethiopia, m'masiku a mafumu, mkulu wina, Ato Wondimu, anaima ndi ng'ombe yawo yaikazi. Pambali panali chikopa cha mwana wa ng'ombeyo amene anafa, chosokedwa, m'kati muli udzu. Kunyumba chakudya chinali chitatha, ndipo wofuna kugula anali mmodzi yekha, mlendo wa nsapato zansalu.

"Si inu mumayenda m'misika kuletsa anthu nyama ndi mkaka?" anafunsa Ato Wondimu. "Kusala kunatha pa Pasaka, bambo."

"Sindikusala, madala, ndinangosiyiratu. Nanga chikopa ichi n'chachiyani?"

"Ikachinunkhiza ndi kuchinyambita, mkaka umatsika."

"Ndiye sidziwa kuti mwanayo anafa?"

"Mayankho ake ndilibe. Koma munthu wosamwa mkaka, ng'ombe ndi yachiyani? Mukufuna mukaigulitse kwa opha nyama, eti?"

"Izikadya msipu kwathu mpaka idzakalambe."

"Kudya kwaulere? Ine ndakalamba kale, koma palibe wabwera kudzanditenga."

"Mundipatse ng'ombe yokha. Chinyengochi chitsale."

"Popanda chimenechi simukama ngakhale dontho."

"N'zimene ndikufunazo."

Anagwirana chanza. Mlendoyo anakoka chingwe, koma ng'ombe inalimbitsa miyendo, maso ali pachikopa chija.

"Mwaonatu," anatero mkuluyo. "Chinyamuleni paphewa. Ikutsatirani mpaka kwanu."

"Ndiye kuti inenso ndiinamize?"

"Apo ayi, muiuze nokha kuti mwana wake kulibe. Ine zinandikanika."