Njinga Yamoto Imene Ndinkaitemberera

Abale anga mwa Ambuye, moni nonse. Ine ndine wakabaza wa pa Thambani, sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Ndikuuzeni za chotupa chimene chinatsala pang'ono kundidulitsa mwendo.

Chinayamba ngati kadontho kakuda pakatumba. Patapita miyezi chinakula, mwendo n'kutupa, kupalasa njinga n'kukanika. Nthawi yomweyo Yohane, mnzanga amene tinayambira limodzi kabaza, anagula njinga yamoto. Makasitomala anga onse anathawira kwa iye, ngakhale amayi a tomato amene ndinkawanyamula tsiku lililonse la msika. Ndikamva hutala yake ndili pakhonde, mtima unkachita kuwira. Ndinati basi, ameneyu wandilodza kuti alemerere pa mwendo wanga. Atabwera kudzandizonda ndi paketi ya shuga, ndinamugenda nayo.

Ndinapita ndi amayi anga kwa sing'anga kuti akanditemere mphini pachotupapo. Lumo litangokhudza, magazi anatuluka osaleka, chitenje cha amayi anga chonse kunyowa. Ndinalira kuti Mulungu, ndisafere pano. Amayi anaimba foni, ndipo amene anafika ndi Yohane yemweyo.

"Kwera aise," anatero, "ukanditukwane tikafika."

Kuchipatala cha ku boma ananditumiza ku Blantyre. Kumeneko adokotala anati ndi khansa ya m'timitsempha ta magazi. Anandifotokozera kuti chotupa chotere chimameretsa timitsempha tatsopano tambirimbiri kuti chizimwa magazi, n'chifukwa chake lumo lija likanandipha. Mankhwala amapha maselo a timitsempha timeneti, ndiye tikafa, chotupa chimasowa chakudya n'kuyamba kufota. Ndinadikira kuti atchulepo za Yohane, koma ayi. Manyazi anandigwira.

Masiku onse olandira mankhwala, Yohane ndiye ankandisiya ku boma kuti ndikakwere minibasi, ndalama akukana. Lero chotupa chafota, mwendo ulipo, ndayambiranso kupalasa.

Sindikunamizani, njinga ija ikamandipitirira pachitunda ine thukuta lili kamukamu, kamtima kamandiwawabe. Koma ndimayang'ana mwendo umene ukuponda pedulowu, n'kunena zikomo Yesu. Inu amene muli ndi chotupa, musachiteme, pitani kuchipatala, ndipo musaleke kupemphera. Ine yankho langa linabwera pa njinga imene ndinkaitemberera.