Munkati Ndanenepa

Atamandike Yesu Khristu! Abale ndi alongo, ndakuonani nonse. Ndine Rozaria wa ku Mualadzi, uja ndinkaima kutsogolo m'kwaya. Lero sindiimba. Ndabwera ndi mkwiyo, ndipo Mulungu akuudziwa.

Maondo anga ankatupa, kulima kunkandikanika. Mayi wina wogulitsa pa Cassacatiza anandipatsa timapiritsi toyera, ati, "Amayi, kamodzi m'mawa, mudzathamanga." Ndinathamangadi. Ndinamwa chaka chathunthu. Nkhope inazungulira, masaya kufufuma. Ndiye inu! Pakhomo la tchalitchi lomwe lino: "Mwanenepatu, amayi Rozaria! Abambo akukusungani bwino!" Ine kumangosekerera. Anayi mwa inu munandifunsa kumene ndimagula, ndipo ndinakuuzani.

Kenako mutu. Mutu, abale! Khosi gwa, kuwala kundilasa m'maso, mpaka ndinaiwala dzina la mwana wanga. Amene munkayamikira aja munatembenuka. Ati ndi kachilombo, ati abambo amayendayenda. Mwamuna wanga, a Fernando, akundikankha pa njinga kupita kuchipatala, inu mukuwaloza chala! Anatiyeza tonse awiri, kachilombo panalibe. Alipo anabwera kudzapepesa? Ngakhale mmodzi!

Anatitumiza ku Tete. Kumeneko ananditenga madzi a pamsana. Dotolo anati, "Mayi, mu ubongo mwanu mwalowa tizilombo ta mtundu wa chuku. Mumamwa mankhwala anji?" Nditamuonetsa kapepala ka mapiritsi aja, anagwira kumutu. Ati amafooketsa chitetezo cha m'thupi. Kunenepa kuja kunali kutupa! Tizilombo timene ena amapuma osadwala nato, ine tinandilowa ngati m'nyumba yopanda chitseko.

Ndinagona masabata, soro, diripu ija, ikudontha m'mtsempha. Mulungu anandibweza, ndikumuthokoza. Ndikuthokozanso a Fernando, amene sanandichoke pambali. Pano ndikulima pang'onopang'ono, ndikumwabe mankhwala akuchipatala. Koma diso lakumanzereli linapita, silidzabwereranso.

Ndi lotsalali ndikuona bwino. Ndikuona nkhope zinayi zozungulira pa benchi la kwaya. Sinditchula maina. Ndine ndinakulozerani njira, ndipo chimenechi chimandidya mumtima.

Musasiye kumwa mapiritsiwo mwadzidzidzi panokha, dotolo anati zimenezonso n'zoopsa. Tengani kapepalako, mukakaonetse kuchipatala. Lachiwiri m'mawa ndidzakudikirani pakhomo pano, tidzapita limodzi. Mukapanda kubwera, ndidzakupezani kwanu. Ndipo wina akadzakuuzaninso kuti mwanenepa, mumutumize kwa ine adzaone disoli. Amen.