A Mateyu Taziona, Mngerezi wa kwa Nthache

Malemu bambo Mateyu Taziona, amene tasonkhana kudzawaperekeza lero, anabadwa pa 14 Malichi 1961 konkuno kwa Nthache. Anali achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi a bambo Jailosi Taziona ndi mayi Iness, makolo amene onse awiri anatsogola kale. Wowerenga mbiriyi ndine Zakeyu, mng'ono wawo wopondana nawo. Banja landiuza kuti ndisabise kanthu, popeza eni ake sankabisa, ndipo zambiri mwa izi ankazifotokoza okha misozi ikutuluka ndi kuseka.

Sukulu anayamba mu 1968. Atafika Sitandade 5, Chingerezi chinawalowa m'magazi. Ophunzira awo oyamba anali mbuzi za kwathu. Madzulo ankazilamula m'Chingerezi kuti zilowe m'khola, ndipo zinkalowadi, ngakhale ena mwa ife tinkaona kuti chikuzilowetsa ndi ndodo. Mu 1977 anasankhidwa kupita ku sekondale, kenaka anachita maphunziro a uphunzitsi ku Blantyre. Mu 1984 anayamba ntchito, ndipo anaphunzitsa m'sukulu zingapo za pulayimale m'boma lino. Ntchito inkayenda bwino, koma banja linkawakanika. Ankafunsira m'Chingerezi, ndipo mtsikana akayesetsa kuyankha, iwo ankayamba amukonza kaye pamene walakwitsa. Mayi athu anafika potaya mtima.

Mu 1996, nkhondo ya ku Mozambiki itatha, anthu kumeneko anayamba kuchifuna Chingerezi. A Domingo, bambo wamalonda amene anathawira kuno nthawi ya nkhondoyo, anatsegula sukulu ya anthu akuluakulu mumzinda wa Tete, ndipo anabwera kudzatenga a Mateyu kuti akhale mphunzitsi. Akuluakulu muli panonu mukukumbukira. Malemu anatsanzika m'tchalitchi kuti akupita kunja. Tinawaperekeza mudzi wonse mpaka pa malire, mayi akulira ngati mwana wawo akupita ku migodi ya ku Joni. Pa kaunjika anali atagula chijekete chaubweya, chifukwa m'mabuku onse amene anawerenga, kunja kumazizira. Amene munafikako ku Tete mukudziwa kuti kumeneko ngakhale buluzi amafuna mthunzi.

Atafika anapeza nkhani ina. A Domingo anali atalengeza mumzinda monse kuti mphunzitsi akuchokera ku Mangalande, munthu wakuda wobadwira komweko, wosamva chiyankhulo china chilichonse. Anthu anali atalembetsa ambiri chifukwa cha mbiri imeneyo. A Mateyu anafuna kukana, koma anakumbukira kuti anatsanzika pamaso pa mpingo, anthu n'kuwayimbira nyimbo. Kubwerera asanathe ndi sabata yomwe kukanakhala kuvula mtundu wonse. Anavomera. A Domingo anawonjezera lamulo lakuti jekete lija asamalivule, chifukwa ndi limene linkawaonetsa Ungerezi.

Vuto linali lakuti anthu a ku Tete amayankhula Chinyungwe, chimene kwa munthu wa kuno si chachilendo. A Mateyu ankamva chilichonse, koma ankayenera kukhala ngati khoma. Ophunzira awo, omwe anali madalaivala, amalonda ndi a m'maofesi, ankawajeda iwo ali pompo. Wina ankati Mngereziyu ali ndi zikang'a ngati wa kudimba. Wina ankati tsiku lina adzasungunukira m'jeketemo. Pamsika ankaloza ndi chala ngati wosayankhula, amayi ogulitsa n'kumauzana kuti, "Mpatseni nsomba zadzulo zija, Mngerezi sasiyanitsa." Iwo ankalandira, n'kunena thenkiyu.

Pa benchi lakutsogolo pankakhala mayi wina wosoka zovala, dzina lake Malita, amene ankafuna Chingerezi kuti azitha kukagula nsalu ku Limbe. Mayiyu ankanong'oneza mnzake tsiku ndi tsiku kuti, "Bambowa ndi amtima wabwino, koma alibe wowasamala. Akanakhala kuti amamva, ndikanawauza kuti avule chijeketecho ndikawachapire." Malemu ankatiuza kuti akamva zimenezi ankatembenukira ku bolodi n'kumalemba mawu amene sanali pa phunziro la tsikulo, kudikira kuti nkhope ibwerere m'malo mwake. Kwa nthawi yoyamba mkazi anali atawafuna, koma ntchito inawatseka pakamwa.

Mu Novembala chaka chomwecho, dzuwa lili pamutu, anapisa dzanja m'thumba la jekete kuti atenge choko. M'thumbamo munali mutalowa chinkhanira. Chimene chinatuluka pakamwa pawo sichinali cha ku Mangalande. Anakuwa kuti, "Mayo ine, ndafa! Chandiluma chinkhanira!" Pamenepo dalaivala wina anafunsa mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, kodi ku Mangalande amaliranso chonchi?"

Anthu akugubuduka ndi kuseka, mayi Malita anadziphimba kumaso ndi chitenje n'kuthawira panja. A Mateyu anaganiza kuti zonse zathera pomwepo, ntchito ndi mkazi yemwe. Koma mayiwo anabwerera ali ndi mankhwala m'manja. Akuwamanga chala anafunsa kuti, "Ndiye kuti munkamva zonse?" Iwo anati, "Ndinkamva, mayi." Mayi Malita anati, "Nanga munali chete miyezi yonseyi mukudikira chiyani? Vulani jeketelo."

Mawa lake a Domingo anafuna kuwachotsa ntchito kuti manyazi agwere iwo okha. Malemu anapempha kuti atsanzike kaye kalasi. Anaima kutsogolo atavala malaya okha, dzanja litatupa, n'kupepesa m'Chichewa. Anatchula mudzi wawo, dzina la bambo awo, ndiponso kuti sitima ya pamadzi kapena ndege sanakwerepo. Ophunzira anati aka kanali koyamba kumva bwinobwino zimene aphunzitsi akunena, ndipo ngati achotsedwa, iwonso achoka. A Domingo anagonja. Kuyambira pamenepo a Mateyu ankalongosola Chingerezi m'chiyankhulo chimene anthu ankamva, ndipo sukulu inadzaza mpaka ena ankamvera pa zenera.

Pa 23 Ogasiti 1997 anamanga ukwati woyera ndi mayi Malita, ine ndili nkhoswe. Mayi athu anavina mpaka mpango kugwa, akunena kuti pamene analephera anthu, chinakwanitsa chinkhanira.

Ku Tete anaphunzitsako zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Migodi ya malasha itatsegulidwa ku Moatize, ophunzira awo ambiri anapezako ntchito. Mpaka lero a pa malire amawazindikira msanga ophunzira a Taziona. Akalowa mu ofesi amayamba afunsa moyo wa abwana, wa mayi kunyumba, wa ana, ndi mmene mvula yagwera, zonsezo m'Chingerezi, mzere ukudikira kumbuyo. Wophunzira mmodzi yekha ndiye sanamalize, ndipo ndi mayi Malita. Iwo amati zimene anapeza kusukuluko zinawakwanira.

Mu 2014 anabwerera kuno kumudzi, n'kuyamba ulimi wa manachesi. Mpingo unawasankha kukhala mlembi, ndipo a mpingo muno mukudziwa kuti zolengeza zawo nthawi zina zinkatalika kuposa ulaliki.

Mu 2021 anapezeka ndi matenda a shuga. Analimbana nawo mosadandaula, kupatulapo nkhani ya tiyi wopanda shuga, amene ankati ndi chilango cha anthu osalakwa. Pa 2 Juni chaka chino cha 2023 anagonekedwa pa chipatala cha Mwanza. Ali pamenepo anandiitana n'kundiuza kuti mbiri yawo ndidzaiwerenge m'Chingerezi. Mayi Malita, ali pambali pa bedi, anati, "Anthu adzabwera kudzalira, osati kudzalemba mayeso." Malemu anaseka mpaka anamwino anabwera kudzaona chachitika. Kumeneko kunali kuseka kwawo komaliza kumene tinamva. Anatisiya Lachisanu m'mawa, pa 9 Juni, dzanja lawo lili m'manja mwa akazi awo.

Asiya mayi Malita, ana anayi, omwe ndi Sankhani, Thandie, Aubrey ndi Miracle, zidzukulu zisanu, ine mng'ono wawo ndi mlongo wathu Liness.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa mbali yawo, a mpingo amene sanatisiye tokha, amayi amene ali ku moto kuyambira Lachisanu, ndi adzukulu amene akonza nyumba yomaliza ya achimwene athu. Tikuthokozanso alendo athu ochokera ku Tete ndi ku Moatize, amene abwera pa lole yawo pamodzi ndi a Domingo. A Domingo, musawerame. Nkhani ija inatha kalekale, ndipo popanda inu ana anayi akhala apawa sitikanawaona.

Alendowa apempha kuti potsitsa bokosi ayimbe nyimbo imodzi m'Chingerezi, mmene anawaphunzitsira malemu. Tawalola. Mukamva kuti penapake palakwika, asiyeni amalize. Wowakonza uja wagona.

Chauta awalandire bambo Mateyu Taziona, ndipo mzimu wawo uwuse mumtendere.