Kakasinja ka Czesiek

Pamzere wogula buledi mumzinda wa Poznań, kutacha pambuyo pa perete wa asilikali, amayi awiri osadziwana anayamba kucheza patsogolo panga.

"Mayi, maso atupa chonchi, kwagwa maliro?"

"Bola maliro. Mwana wanga Czesiek amayendetsa kasinja. Ndinaitana akuchimuna onse ku perete, ndi apongozi omwe, kuti adzaone."

"Si ulemu umenewo?"

"Ulemu wake uti? Kwawoko amuna onse ndi ataliatali, asilikali apahatchi. Chibadwire Czesiek, apongozi amangoti kafupi aka si magazi athu. Ndimati kasinjayo awatseka pakamwa."

"Ndiye sanadutse?"

"Anadutsa! Kakasinja kake kolekeza m'chifuwa mwa hatchi. Mumalowa anthu awiri okha, chopinda maondo. Akuti n'kozondera adani, ndiye amasankha afupiafupi."

"Ogo! Apongozi anati chiyani?"

"Anakuwa pagulu, 'Mwaonatu, ngakhale boma lamuyeza!'"

"Bambo akunyumba osakuikirani kumbuyo?"

"Iwowo? Lero m'mawa andifunsa kuti telala uja tinkayandikana naye kale anali wamtali bwanji."

"Nanga anali wamtali bwanji, mayi?"

"Sunthani inu, mzere ukuyenda."