Chitseko Changa Chinakhala Thabwa la Nyama

Moni abale, moni alongo. Ndinali m'munda wa nshawa pamene anansi anga amai Daka anandikuwila kuchokela kunjila: "Amake Yelemiya, thabwa lakhala pansi!" Khasu ndinaponya, abale. Koma yambani mwamva kumene ndachokela.

Yelemiya ndi mwana wanga mmodzi yekha. Boma la Chitaganya litangoyamba anapita ku migodi ya ku Walale ndi miyendo iwili. Anabwela ndi umodzi. Kwa apongozi ake ku Msanzala anati mkamwini wosalima alibe nchito, abwelele kwa amake. Mkazi anatsala, ana anatsala. Anabwela kwa ine, wamasiye.

Osadya. Osalankhula. Osasamba. Tsiku lina ndinamupeza kuseli kwa nkhokwe akupota chingwe.

"Cha chiyani, mwanangu?"

"Cha mbuzi, amama."

Abale, mbuzi tinalibe. Chingwecho ndinachibisa pansi pa mphasa yanga, ndinkagonela pamwamba pake.

A Lungu, amene amaphikila mzungu ku boma la Petauke, anati kukhichini kukufunika thabwa lodulilapo nyama. Yelemiya anali asanasemepo ngakhale mpini. Zida zake nkhwangwa, kasemasema wa malemu atate ake, ndi galasi la botolo lopalila. Anadula mlombwa wauwisi, uja umatuluka madzi ngati magazi. Anasema, anapala, manja matuza okhaokha. Litauma, thabwa linapindika. A Lungu analiika pathebulo, likugwedela.

"Ili ndi thabwa kapena bwato la pa Luangwa?"

Lachiwili linapindika. Lachitatu linang'ambika. Atatelo anandifunsa, "Amama, chingwe chija munaika kuti?"

Ndinalila, Ambuye ndinalila. Ndikupemphela maso anagwa pachitseko changa. Amuna anga anachisema tisanabale mwana, zaka zonsezo mvula, dzuwa, osapindika. Mtengo wouma, abale! Ife tinkasema wauwisi. Ndinachizula ndekha.

Yelemiya anafunsa, "Mudzatseka ndi chiyani? Afisi alipo."

"Ndi udzu. Sema."

Anasema milungu iwili, akupala ndi galasi, akukwecha ndi mchenga. A Lungu anatenga. Ndiye uthenga uja wa m'munda: lakhala pansi, siligwedela, ndipo ophika ena a ku boma akufunanso awo.

Nditafika kunyumba Yelemiya anati, "Amama, chingwe chija." Ndinamufunsa cha chiyani. "Ndimangile matabwa otsala a chitseko chija, a Lungu anyamule panjinga." Ndinamupatsa ndi manja awili.

Mwendo sunamele. Mkazi wake sanabwele, anakwatiwa kwina. Ine mpaka lelo ndimatseka ndi udzu. Koma mitengo ikuuma pansanja, ndipo mwana wanga akudya. Zikomo Yesu, zikomo.

Odzakondwela nane anabwela amai Daka, anabwela a Lungu, a Mumba a ku Nyimba ndi akazi awo, alongo anga a Sitefano ochokela ku Nyalugwe, adzukulu anga Esitele ndi Malita atabelekana pamsana, ndipo pakati pawo, pandodo yake, Yelemiya.